Mkazi Wina wa Amuna Anga Ndinamupeza mu Kompyuta

Nkhani iyi ikangoyambika, amuna anga amatuluka panja kukasekera kuseri kwa bafa, poti amadziwa kuti akasekera pamaso panga ndiwo zipserera. Koma popeza pa Katete pano anthu aikamba kale mokhotakhota (ena akuti ndinanyamula chikwanje, bodza lenileni, ndinanyamula kachikwama kobwereka), kuli bwino ndiikambe ndekha, manyaziwo ndithane nawo.

Ndimagwira ntchito pa kabungwe kena kothandiza alimi kuno ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi. Timagawa mbewu ya mtedza, mbande za mitengo, nthawi zina mbuzi. Ine kumunda sindipitako, yanga ndi kompyuta. Anzathu oyenda m'midzi amalemba mabanja pa matabuleti (timakompyuta ta m'manja) chaka ndi chaka: mutu wa banja ndani, m'nyumbamo mukhala ndani, pali ubale wanji, nambala ya foni ndi iti. Zonsezo zimagwera mu nkhokwe yathu ya mayina, imene pa ofesi timaitcha databesi.

Ndiye banja lililonse lili ndi magulu awiri a mayina, la chaka chatha ndi la chaka chino. Ntchito yanga ndi kuwaika pamodzi n'kuona ngati akugwirizana. Nditangoyamba kumene ndinkangowerenga mitu: uku asanu, uku asanu, basi zili bwino. Bwana wanga, a Zulu, anandiimirira kumbuyo tsiku lina n'kundifunsa kuti, "Asanu ndi asanu, inde, koma ndi asanu omwewo? Nanga wina atamwalira, wina n'kubadwa?" Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuyang'ana mbali zonse ziwiri: amene ali m'gulu lakale koma m'latsopano mulibe, ndi amene ali m'latsopano koma m'lakale munalibe. Oterowo kompyuta imawapaka utoto wofiira. Ofiira ambiri sakhala nkhani. Mbewe walembedwa Mbebe, Tisiyenji wasanduka Tisiyanji, kwabadwa mwana, mtsikana wakwatiwa kutsidya. Ntchitoyi ndinkaidziwa, ndipo ndinkayenda nayo matama pang'ono (kumsonkhano wa amayi kutchalitchi ndinkatchula mawu oti databesi ngakhale tikukambirana za kusesa).

Lachinayi lina masana, nditangomaliza mbatata yanga, ndinafika pa banja lina la ku Vubwi. Mutu wa banja: Esinati Mbewe, mkazi, zaka makumi atatu ndi ziwiri. Chaka chatha: iye ndi ana atatu. Chaka chino: iye, ana atatu aja, ndi mzere wofiira pansi pake. Lakisoni Sakala. Ubale: mwamuna wake.

Ndinaseka. Lakisoni Sakala ndi dzina la amuna anga, koma a Sakala kwathu kuno ali ngati nyerere. Ndinati ndikawauze madzulo kuti mnzawo wa dzina wapeza banja. Kenako diso langa linatsetserekera kumanja, pa nambala ya foni.

Abale, nambala imeneyo ndimaidziwa kuposa yanga.

Ndikuuzeni za amuna angawa. Amayendetsa kanta, galimoto ya katundu, ya munthu wina wogula soya ndi mtedza m'midzi, ndipo nyengo yokolola ku Vubwi amapitako pafupipafupi. Ndi munthu wosayankhula. Mukawafunsa kuti mwayenda bwanji, amati "bwino," nkhani yathera pomwepo. Mawu awo onse amasungira kwaya ya Lamulungu, kumene amaimba besi. Tili ndi ana awiri, Dalitso ndi Tamanda, ndipo pa zaka zonse za banja lathu sanandipatsepo chifukwa chowaganizira zoipa. Koma masana amenewo kusayankhula kwawo komweko kunasanduka umboni. Munthu wofatsa chonchija, ndinadziuza, ndiye amene amabisa zazikulu.

Tsopano chimene munthu wanzeru akanachita n'chodziwikiratu. Dzina la mnzathu amene analemba banjalo linali pompo, foni ya ofesi ili pa tebulo. Lamulo lathu limatero kumene: ukapeza chofiira, funsa kaye wolemba. Ndinawafunsapo za anthu osawerengeka. Za amuna anga zokha ndiye ndinaona kuti palibe chofunsa.

Madzulo ndinawaikira madzi osamba (ozizira), ndinawaikira chakudya, n'kukhala patali.

"Atate ake Dalitso, ku Vubwi kuli bwanji masiku ano?"

"Msewu ndi woipa. Koma anthu ake ndi abwino."

"Abwino, eti?"

"Kwambiri." Anatafuna pang'ono. "Loweruka ndipitanso."

M'mawa mwake, iwo akusamba, ndinasuzumira mu kanta. Kuseri kwa mpando kunali kajumbo. Shuga, masamba a tiyi, sopo, ndi chitenje chatsopano chamaluwa achikasu. Chitenje! Ine chomaliza kundigulira chinali cha ubatizo wa Tamanda.

Ndinathamangira kwa mnzanga Asiyatu, amene ali ndi sitolo pafupi ndi kwathu. Iyeyu anabadwira ku Malawi, anabwera kuno ndi ukwati, ndipo ndi munthu amene amamva za m'tauni yonse osachoka pa kauntala. Nditamufotokozera anagwira pakamwa.

"Achemwali, shuga ndi sopo amagula pano mwezi ndi mwezi. Ine ndimayesa ndi zanu."

"Zanga? Ukuona ngati ndanenepa ndi shuga ine?"

"Koma bwanji osangowafunsa? Che Sakala si munthu wa zimenezo."

"Ndiwafunse kuti akonze bodza? Ndikawapezerera konko."

Asiyatu anayesa kundiletsa, zimenezo ndimuchitire umboni. Ataona kuti sindibwerera anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Chabwino. Koma ngati mukupita, mupite mutatchena. Mkazi mnzako sumuonekera ngati wochokera kudimba." Anandibwereka kachikwama konyezimira ndi nsapato zake za gogoda zimene anavala pa ukwati wa mng'ono wake. Wigi inali yanga, yaitali, ya pa Khirisimasi.

Loweruka amuna anga ananyamuka kusanache. Ine ana ndinawasiya kwa Asiyatu, n'kukwera minibasi ya ku Chipata. Ku Chipata ndinakwera kagalimoto ka ku Vubwi, m'mene tinapanikizana ndi matumba a fetereza ndi mayi wina wonyamula nkhuku. Njira yonse ndinkayeseza mawu okanena. Ndinali ndi chiyambi, pakati ndi mathero, ngati ulaliki. Mayi wa nkhuku uja anandifunsa ngati ndikupemphera. Ndinati inde.

Pa Vubwi anandiuza kuti kumudziko galimoto za anthu sizifika, ndikwere njinga yamoto. Bambo woyendetsa anayang'ana nsapato zanga, anayang'ana wigi, n'kungoti, "Mugwire zolimba, amayi." Ndinagwira zolimba mpando. Za wigi ndinaiwala. Titadutsa pansi pa mtengo wa minga ndinangomva mphepo yozizira pamutu. Kucheuka, tsitsi langa la pa Khirisimasi lili lende pa nthambi, likugwedezeka ngati mleme. Bamboyo anabwerera, analithyola ndi kamtengo, analikutumula fumbi n'kundipatsa ndi manja awiri, mwaulemu, osaseka ngakhale pang'ono (Mulungu amudalitse). Ndinalibwezera pamutu mmene ndinathera, popanda galasi.

Pa dambo panali matope, ndipo anati nditsike ndiwoloke wapansi. Phazi loyamba, bwino. Lachiwiri, gogoda ya Asiyatu inamira. Ndinakoka, phazi linatuluka lokha. Tinafufuza ndi manja awiri tonse, koma dambo la ku Vubwi likalandira chinthu silibweza. Munthu wina akanamva kuti uwu ndi uthenga wakuti bwerera. Ine ndinavula inayo, n'kuiika m'kachikwama, ulendo n'kupitirira.

Kumudziko ndinafunsa kwa a Esinati Mbewe, ndipo mayi wina anandilozera nyumba ya njerwa zosawotcha, denga la udzu koma mbali imodzi lata latsopano likunyezimira. (Lata! Kwathu bafa linali likudontha kuyambira dzinja.) Pakhonde panakhala mayi wachitsikana, wokongola mochititsa mkwiyo, akusenda mtedza. Pambali pake ana atatu. Ndinayang'anitsitsa wamng'onoyo ndipo, ndikulumbira, ndinaona makutu a amuna anga.

Odi sindinanene. Moni sindinapereke. Ine, mwana woleredwa bwino, mlembi wa amayi kutchalitchi.

"Ndinu Esinati?"

Anaimirira, makoko a mtedza akugwa pa chitenje. "Ayi amayi, ine ndi..."

"Musakane! Zonse ndaziona, zalembedwa! Sopo amene mumasambira uja ndi wa ana anga! Shuga mumamwa uja, lata ili apali, thukuta la m'nyumba mwanga! Kodi amuna anatha ku Vubwi kuno?"

Ulaliki wanga unayenda bwino ndithu. Ndinafika mpaka pakati. Anthu anayamba kutuluka m'nyumba zawo, ena ndi makasu m'manja, ena ndi ana kumbuyo. Mayi uja anangobwerera m'mbuyo, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, foni ili kukhutu. Ndinati eya, akuitana chibwenzi chake, abwere tithane.

Kenako m'nyumba munamveka chifuwa, ndi mawu okalipa koma aang'ono.

"Ndani akufuna Esinati ndi phokoso chonchi?"

Panatuluka ndodo kaye. Kenako nkhalamba yaifupi kundifika m'chifuwa, mutu woyera mbuu, miyendo yotupa, m'kamwa muli mano oti mukhoza kuwapatsa mayina. Inandiyang'ana kuyambira ku wigi mpaka ku mapazi amatope.

"Esinati ndine. Mwatani?"

Ndikanalekera pomwepo. Koma munthu ukayamba kugwa umafuna ufike pansi. Ndinafunsa, mawu atachepa, "Nanga a Lakisoni Sakala ndi ndani wanu?"

"Lakisoni? Mwamuna wanga ameneyo."

Khamu lonse linaphulika. Agogowo sanaseke. Anayandikira, n'kundigogoda bondo ndi ndodo.

"Ndiye iwe ndiwe mkazi wamng'ono uja wa ku Katete? Wachedwatu kudzandiona. Ndipo kwanu mkazi wamkulu mumamupatsa moni mutaimirira?"

Pamenepo m'mutu mwanga munayera. Agogo anga omwe, amake a mayi anga, ankamutcha mchimwene wanga "mwamuna wanga" mpaka tsiku lomwalira. Ndi nthabwala ya agogo ndi adzukulu imene mwana aliyense wa Chichewa amakula akuimva. Ine ndi sukulu yanga yonse ndinaiwerenga pa kompyuta n'kukwera galimoto ziwiri ndi njinga yamoto.

Ndinagwada. 

ANambewe (ndimo mmene amawatchulira kumeneko) analamula mphasa, analamula madzi oti ndisambe mapazi, n'kuthamangitsa anthu ndi ndodo. Anandipatsa chinangwa chophika. Ndinkafuna nthaka ing'ambike, koma njala inalinso ndi maganizo ake, ndiye ndinadya. Ndikudya anandifotokozera. Ana atatu aja ndi zidzukulu zawo, amayi awo anamwalira. Mayi amene ndinamulalatira ndi mkazi wa aphunzitsi a pasukulu yapafupi, amabwera kudzawathandiza ntchito. Zaka za agogowo ndi makumi asanu ndi atatu ndi kanthu (chala cha wolemba chinaphonya, 8 n'kukhala 3).

"Dzinja lapitalo," anatero, "galimoto ya Lakisoni inatitimira pa dambo lomwe lakudyera nsapatolo. Anagona pakhonde pano mpaka thirakitala inabwera. Ndinalibe chomupatsa, koma maungu. Anadya ngati ndamuphera mbuzi. Pochoka anaona kabotolo kanga ka mankhwala a bipi, matenda othamanga magazi aja, kali kopanda kanthu. Anandifunsa kuti anatha liti. Ndinati kalekale, kuchipatala n'kutali ndipo miyendo ndi iyi. Anangonyamuka n'kumapita. Mwamuna wathuyu sayankhula, ukudziwa. Patapita sabata ndinangoona watulukira, mankhwala ali m'manja."

Kuyambira pamenepo sanaphonyepo. Denga litadontha anabwera ndi lata. Nambala yake anailemba ndi khala pakhoma, kuti zikavuta wina amuimbire. Wolemba wathu atafika n'kufunsa foni ya pakhomopo, agogo analoza pakhoma. Atafunsa kuti mwini nambalayo ndi ndani wawo, anayankha mmene anandiyankhira ine. Iye, mwana wa m'tauni, analemba momwemo.

Ndinayang'ana pakhoma. Nambala inalipodi, ndi kalembedwe ka amuna anga, kopendekera ngati kakugwa ndi mphepo. Misozi inayamba kutsika.

Sindinathe n'komwe kupukuta maso pamene ndinamva kulira kwa kanta. Mkazi wa aphunzitsi uja, pozungulira kuseri kuja, anaimbira nambala yokhayo imene pakhomopo amaidziwa, kunena kuti kwabwera mayi wosokonezeka mutu, akuopseza agogo. Amuna anga anasiya sikelo ndi matumba a soya pamsika, n'kuthamanga kudzapulumutsa nkhalamba yawo.

Anatsika mothamanga, n'kuima. Mkazi wawo ali pa mphasa, wopanda nsapato, wigi itatembenukira cham'mbali (izi ndinazidziwa pambuyo pake), chinangwa chili m'manja.

"Amake Dalitso?"

"Ine."

"Mwabwera pa chiyani?"

"Pa njinga yamoto."

Anayang'ana mapazi anga nthawi yaitali. "Nsapato zili kuti?"

"Ina ili m'chikwama."

ANambewe sanawapatse mpata wofunsa za inzake. Anawalozetsa ndodo. "Iwe Lakisoni, khala pansi. Miyezi yonseyi ukubwera kuno, mkazi wako osamuuza? Ukufuna atiphe ndi mtima mwana wa eni? Chinthu chabwino ukachibisa chimanunkha ngati choipa." Amuna anga, bambo wa ndevu zake, anakhala pa njerwa mutu uli pansi ngati mwana wa sukulu. Ine ndinapita kwa mkazi wa aphunzitsi, ndinagwadanso (tsiku limenelo mawondo anga anagwira ntchito), n'kupepesa. Anati palibe kanthu, koma anandipempha kuti mawu aja akuti "kodi amuna anatha ku Vubwi" awabwereke, akawagwiritse ntchito tsiku lina.

Pobwerera ndinakwera kutsogolo kwa kanta. Tinayenda mtunda wautali. Dzuwa linali litapendeka, fumbi likulowa pawindo. Kenako amuna anga anati, maso ali pamsewu, "Zaka zonsezi, amake Dalitso. Munakhulupirira makina osandifunsa ine?"

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ndinati, "Ndalakwa, atate ake Dalitso. Ndinaopa kuti mukayankha, yankho lake likhala loona."

Anagwedeza mutu. Tinadutsa mudzi wina, ndi winanso.

"Mukukumbuka mmene amayi anamwalirira ku Sinda?"

Ndinkakumbuka. Apongozi anga anagwa pakhomo ndi bipi, amuna anga ali pa ulendo.

"Mankhwala awo anali muno," anatero, akugogoda kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wanga. "Ndinagula. Ndinati ndikatula katundu ndidzawapatsira, Sinda si patali. Katundu anachuluka, masiku anapita. Pa maliro paja mankhwala anali akadali muno." Anasintha giya. "Nditaona kabotolo ka agogo aja, ndinaona amayi. Ndinkafuna kukuuzani. Koma ndikati ndiyambe, pakhosi pamatseka. Ndiye ndinkangogula shuga."

Ndakhala ndi munthu ameneyu zaka zambiri, ndamuchapira, ndamuberekera ana, koma chimene ananyamula m'kabokosi kaja sindinkachidziwa. Ndinaika dzanja langa pa bondo lake. Anaimika galimoto pambali pa msewu, pafupi ndi munda wa mpendadzuwa wouma, ndipo tinalira tonse awiri, iye mwa besi, ine mwa ine. Atatha anapukuta nkhope ndi chipewa, anandiyang'ana, n'kunena mofatsa kuti, "Tsitsi lanu lakhota." Tinaseka mpaka woyenda pa njinga wina anaima kufunsa ngati tili bwino.

Lolemba ndinakawauza a Zulu ndekha, mbiri isanandipitirire. Sanaseke. Anandikumbutsa kuti mayina amene anthu amatipatsa si oti tizikathetsera nkhani za m'nyumba mwathu, ndipo anandichenjeza kuti zikadzachitikanso ndidzatsanzike ntchito. Anali ndi chifukwa, ndinavomera. Atamaliza anatseka chitseko cha ofesi yawo, ndipo kudzera m'khoma ndinamva munthu akutsamwa ndi chiseko. Zaka za agogo ndinazikonza. Dzina la amuna anga ndinalichotsa pa anthu a m'nyumbamo, nambala yokha n'kuisiya ngati ya munthu woimbira zikavuta. Asiyatu ndinamugulira nsapato zina, ngakhale mpaka lero amati zakale zija zinali zofewa.

Phunziro lake mwaliona nokha: chofiira si mlandu, ndi funso chabe, ndipo funso amafunsa munthu. Kaya ndaliphunzira lonse sindikudziwa, chifukwa amuna anga akachedwa pamsewu mtima umayambabe kulemba ulaliki. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku ano ndimaufunsa kaye ngati wadya.

Ku Vubwi tsopano timapita tonse ndikapeza mpata. Mankhwala ndimagula ndine, poti amuna anga amaiwala kuyang'ana tsiku lothera mphamvu. ANambewe amandituma madzi, amandituma nkhuni, amadandaula kuti tiyi wanga ndi wopyapyala, zonse m'dzina la ukulu wawo pa banja. Ulendo wathawu tinawapeza atafooka, osatha kutuluka panja. Amuna anga atapita kukatsitsa katundu, agogo anandikodola kuti ndiyandikire, n'kundigwira dzanja ndi zala zawo zozizira.

"Iwe wamng'ono," ananong'ona, "ine ulendo wayandikira. Mwamuna wathuyu ndikusiyira. Akakhala chete usamamuope. Uzingokhala naye pafupi mpaka pakhosi patseguke."

Ndinafuna kunena kuti asayankhule zotero, achira, tidzadya nawo maungu a chaka chamawa. Koma anandifinya dzanja, diso lili pa ine, kudikira yankho.

Ndinati, "Ndamva, akulu."